Mwapeza tebulo pa msonkhano wa anime: muyalapo chiyani?

Tebulo limene amapereka kwa wojambula pa msonkhano wa okonda anime, makanema a zojambula a ku Japan, nthawi zambiri limakhala la mafiti 6, kungoperewera pang'ono mamita awiri, ndipo kwina amakupatsani theka lokha, theka linalo n'kukhala la munthu amene simunaonanepo naye. Pamalo ochepawo payenera kukwana katundu yense, mitengo yake, kabokosi ka chenji ndi zigongono zanu. Kumanzere kuli wojambula mnzanu, kumanja kuli winanso, ndipo m'kanjira ka pakati mukudutsa anthu otopa, zikwama kumsana, ena atavala ngati atengambali a makanema awo. Munthu wotere amaponya diso kamodzi patebulo lanu. Akapanda kuona chomukoka, wapita.

Ndiye chilichonse chomwe mukuganiza zokagulitsa chiyambe chayankha mafunso atatu: chidya malo aakulu bwanji patebulo, chidya mpamba wochuluka bwanji, ndipo chikapanda kugulidwa mudzapita nacho kuti. Masitepe ali m'munsiwa akuzungulira pa mafunso amenewa.

Yambani ndi malamulo a eni msonkhano

Musanatole pensulo, werengani chikalata cha malamulo chomwe okonza msonkhano amatumiza kwa onse opatsidwa matebulo. Ambiri amachidumpha poti n'chachitali ndi chotopetsa, chonsecho ndicho chimafafaniziratu theka la zomwe munalemba pamndandanda wanu. Chigawo cha ojambula, chomwe amachitcha Artist Alley, n'chosiyana ndi holo ya amalonda akuluakulu. M'holo ya amalonda mumakhala makampani ndi masitolo ogulitsa katundu wachilolezo, pamene m'chigawo cha ojambula lamulo lalikulu n'lakuti zomwe mwayala zikhale zochokera m'mutu ndi m'manja mwanu. Kupikula zidole kwina n'kudzagulitsa pamenepo n'koletsedwa pafupifupi kulikonse. Kulondola mizere ya chithunzi cha eni kanema, kusindikiza chithunzi chongochotsa pa sikirini, kapena kuika chizindikiro cha kampani pa katundu wanu kukhoza kukuchotsetsani patebulo tsiku loyamba lomwelo. Misonkhano yambiri tsopano inaonjezapo lamulo lokana zithunzi zopangidwa ndi AI, mapulogalamu a kompyuta ojambula okha. Ina imaika malire pa kuchuluka kwa fan art (zithunzi zomwe mwajambula za atengambali a eni ake), ina imaletsa zakudya ndi chilichonse chakuthwa, ndipo zithunzi za akuluakulu okhaokha amafuna zikhale zophimba, zizitsekulidwa kwa yekhayo amene waonetsa chiphaso cha zaka zake. Onaninso msinkhu womwe amalola kuti zoimika zanu zifike, chifukwa ndiwo ukuuzeni ngati zithunzi zikuluzikulu zili ndi popachika.

Boma la komwe msonkhano ukuchitikira nalo lili ndi zofuna zake. Wogulitsa pa msonkhano wa Anime Expo ku Los Angeles, mwachitsanzo, amafunika chilolezo chogulitsira cha boma la California chifukwa malonda akumeneko amadulidwa msonkho. Funsani msanga za komwe inuyo mukupita.

Mukatero, dziwani mtundu wa anthu omwe adzadutse patebulo lanu. Comiket ya ku Tokyo inayamba mu Disembala 1975 ndi magulu 32 okha a ogulitsa, ndipo lero imachitikira m'maholo a Tokyo Big Sight kawiri pachaka, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Umenewo ndi msika wa timabuku todzisindikizira totchedwa doujinshi, ndipo wogula amafika atalemba kale matebulo omwe akufuna kukatengako buku latsopano. Ku America, pa misonkhano ngati Anime Expo, yomwe inayamba mu 1992, kapena Otakon ya mu 1994, anthu ambiri amangoyendayenda n'kumagula chomwe chawagwira mtima, ndipo zoyenda malonda ndi zithunzi zopachika kukhoma, masitika ndi tizinthu tolendeweza pachikwama. Kamsonkhano ka tsiku limodzi ka pa yunivesite kamadzaza ndi achinyamata a ndalama zochepa m'thumba, pomwe wa masiku anayi umakoka anthu omwe akhala akusungira ulendowo miyezi yambiri. Pa YouTube pali makanema a anthu omwe anayenda ndi kamera m'zigawo za ojambula. Pezani wa msonkhano wanu wa chaka chatha, muzimuimitsa n'kumayang'ana zomwe zayalidwa, mitengo yolembedwa, ndi matebulo omwe paunjikana anthu.

Za eni ake kapena zanuzanu?

Mutu wa nkhani uli apa. Fan art, chithunzi chomwe mwajambula nokha koma cha mtengambali wa m'kanema kapena gemu ya wina, ndiyo imaimitsa anthu. Munthu amazindikira nkhope yomwe amaikonda akadali patali, miyendo n'kumufikitsa yokha kwa inu. Koma mtengambaliyo ali ndi mwini wake, ndipo mwalamulo kugulitsa chithunzi chake popanda chilolezo n'kuphwanya ufulu wa mwini luso. Poti anthu ambirimbiri amagulitsa osafunsidwa kanthu, musayese kuti n'zololedwa. Eni ake ambiri amangotsinzina dala, poona kuti timalonda ta okonda kanema timakuza dzina la kanemayo, ndipo tsiku lililonse akhoza kutsekula maso.

Ena anachita bwino kulemba poyera zomwe amalola. ZUN, mwini magemu a Touhou Project, amadziwika ndi kulola anthu kupanga zotengera ntchito yake motsata malangizo omwe anaika. HoYoverse, eni Genshin Impact, ali ndi malangizo awo okhudza katundu wopangidwa ndi okonda gemuyo, chimodzimodzinso Cover, kampani ya hololive, gulu la osangalatsa anthu pa YouTube omwe amaoneka ngati atengambali ojambula. Werengani malangizo oterewa kwa eni ake enieniwo, osadalira zomva kwa anzanu, chifukwa amasinthasintha ndipo kawirikawiri amaika malire pa chiwerengero ndi mtundu wa katundu. Misonkhano ina imatumizanso mayina a makampani omwe anakana kuti zawo zigulitsidwe. Dzina likakhala pamndandanda umenewo lisiyeni, chithunzi chikongole chotani.

Ine ndimaona kuti tebulo loyamba liyenera kukhala ndi zonse ziwiri. Fan art ikhale yoitana anthu, zanuzanu zikhale pambali pake pomwepo, poonekera. Zanuzanu zimachedwa kuyenda, n'zoona, koma sizikalamba. Mukhoza kupita nazo ku msika wina uliwonse wa zaluso kapena kuziika pa sitolo yanu ya pa intaneti popanda kuopa kalata ya loya, ndipo ndizo zimachititsa munthu kukumbukira dzina lanu. Mphaka wokwinya nkhope, chule wovala chipewa, maluwa, kanthabwala ka anthu osagona usiku: zoterezi amagula ngakhale bambo amene wangoperekeza mwana, yemwe za anime sakudziwapo kanthu.

Tsono makanema ati? Ku Japan anime ya pa TV imatuluka m'nyengo zinayi pachaka, zoyambira mu Januwale, Epulo, Julayi ndi Okutobala, ndipo makanema ambiri amakhala ndi zigawo 12 kapena 13. Ndiye kuti miyezi itatu iliyonse pamabuka dzina lomwe aliyense ali nalo pakamwa, miyezi itatu yotsatira ambiri mwa mayinawo n'kuzilala. Mukaoda katundu wambiri wa kanema wa nyengo ino, katunduyo n'kufika patatha miyezi iwiri, mukhoza kupeza anthu atasamukira kale kwina. Kuonjezera apo, kanema wotchukayo mudzamupeza pa matebulo ambirimbiri m'holo imodzimodziyo, ndipo wogula adzazungulira kaye kufananiza asanatulutse ndalama. Lowani nawo mpikisanowo ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu zosadula kupanga, basi.

Pali mayina ena osakalamba, monga Sailor Moon, One Piece ndi Naruto, omwe anayamba m'zaka za m'ma 1990. Omwe anakula nawo lero ali pantchito ndipo m'thumba muli kanthu. Ndiye pali gulu lachitatu, lomwe ineyo ndimalikonda koposa: kanema kapena gemu yoiwalika, ya okonda ochepa koma osabwerera m'mbuyo. Munthu amene wazungulira holo yonse osaona mtengambali wake, akamupeza patebulo lanu amakuwa, amaimbira anzake foni, ndipo mtengo saufunsa kawiri. Anthu otere sachuluka, choncho sindikizani pang'ono, koma musawamane.

Jambulani zomwe munaonera. Ogula amakonda kucheza, adzakufunsani chigawo chomwe chinakusangalatsani, ndipo akatulukira kuti simukudziwa n'komwe dzina la yemwe mwamujambulayo, macheza amazizira pomwepo. Amaonanso zolakwika zomwe inu simungazione: chipsera chili tsaya lina, ndolo yasowa, lupanga lili kumanja pomwe mwini wake ndi wamanzere. Musaulule mathero a nkhani pa chithunzi chopachika pamwamba. Musathamangirenso mtengambali wamkulu yekha, poti kawirikawiri amene anthu amamufera ndi mnzake wapambali kapena mdani wake. Ngati okonda kanemayo amatchula atengambali ena awiriawiri, pangani onse awiri, wogula mmodzi adzanyamula onse.

Sankhani mitundu itatu kapena inayi ya katundu, osapitirira

M'chigawo cha ojambula mudzaona zithunzi, masitika, mabaji, mapini, timatepi tokongoletsera, zikwama zansalu, malaya, makapu, zidole, timabuku, ndipo mtima udzafuna zonse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mtundu uliwonse umafuna mpamba wake, zokutira zake, malo ake patebulo ndi kakonzedwe kake ka fayilo. Sankhani poyang'ana matumba a anthu: kena kotchipa koti mwana wasukulu agule ndi chenji chomwe chamutsalira, kena kapakatikati, ndi chimodzi chodula cha munthu amene wabwera atakonzeka.

Zithunzi zosindikiza ndiye msana wa matebulo ambiri. Ndalama yosindikizira chimodzi ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wogulitsira, sizilemera, zimasanjikizana bwino m'sutikesi, ndipo mukhoza kuzisindikiza masiku ochepa msonkhano usanayambe. Gwiritsani ntchito misinkhu yomwe mafelemu ake amapezeka m'masitolo: A4 ndi A3, kapena mainchi 11 kwa 17 ngati muli ku America. Tizithunzi tating'ono ta msinkhu wa positikhadi timathandiza amene kukhoma kwake kunadzaza kale. Choopsa kwa wogula n'chakuti chithunzi chidzakwinyika m'chikwama tsiku lisanathe, ndiye chilichonse chituluke chili m'kathumba ka pulasitiki. Posankha zoti musindikize, kumbukirani kuti chithunzi cha mizere yambirimbiri chomwe munachivutikira milungu iwiri chikhoza kuoneka ngati chifunga kwa munthu woima mamita atatu, pomwe cha nkhope imodzi yaikulu ndi mitundu iwiri yowala chimamukodola ali kutali.

Masitika amayenda mofulumira. A vinyl, osalowa madzi, ndiwo anthu amafuna chifukwa amamata pa malaputopu ndi pa mabotolo a madzi. Phindu la imodzi ndi lochepa kwambiri, choncho agulitseni m'magulu: wogula atatu, yachinayi basela. Mabaji ozungulira a pini kumbuyo ali m'gulu lomweli, ndipo mukagula kamakina kodindira mukhoza kumawapangira kunyumba pang'onopang'ono, malinga ndi zomwe zikuyenda.

Pamtengo wapakatikati pali tizithunzi ta pulasitiki yolimba ya acrylic topachika ku makiyi kapena pachikwama, tomwe ogulitsa amangoti ma charm. Ambiri amaoda ku mafakitale a ku China monga Vograce, ndipo ubwino wake ndi wakuti amalola kuoda ochepa pa chojambula chilichonse. Kukula kwake kumakhala masentimita 5 mpaka 7, ndiye chojambulacho chikhale chosachulukitsa zinthu: mutu waukulu, thupi laling'ono, mizere yonenepa, kajambulidwe komwe amati chibi. Musangochepetsa chithunzi chachikulu n'kuchiika pamenepo, sichidzaoneka. Pamisonkhanoyi mudzaona anthu onyamula zikwama za zenera la pulasitiki, zotchedwa ita bag, zodzaza ndi mabaji ndi ma charm a mtengambali mmodzi yekhayekha. Wonyamula chikwama chotere akaima patebulo lanu, yang'anani kuti m'zeneramo muli ndani.

Mapini achitsulo a enamel, utoto wolimba wonyezimira, ndi okongola ndipo anthu amawatolera, koma pa msonkhano woyamba ine ndingati dikirani kaye. Chojambula chilichonse chimafuna chikombole chakechake chomwe mumalipira padera, mafakitale ambiri salola kuoda ochepera 50 kapena 100, ndipo mitundu imalekanitsidwa ndi timizere tachitsulo, kotero kajambulidwe ka mitundu yosungunukirana sikatheka. M'gulu lililonse mumapezekanso ena a tizilema omwe mudzagulitse motsitsa. Mpamba wonsewo umakhala pa chojambula chimodzi, ndipo chikakanika mwatsala ndi thumba lachitsulo lolemera. Mukadzafika popanga, yambani ndi chojambula chanuchanu chomwe mwaona kale kuti chimayenda ngati sitika.

Zamanja zili ndi masamu akeake. Tizidole toluka ndi ulusi totchedwa amigurumi, zidole zosoka, ndolo zadongo, tizikwama: zimenezi zimakoka anthu chifukwa palibe tebulo lina lomwe lili ndi zofanana nazo ndendende. Vuto ndi nthawi. Lembani maola omwe chinthu chimodzi chimadya, muwaikire mtengo wa ntchito yanu, muphatikize ndi ndalama ya ulusi kapena nsalu, kenako mudzifunse ngati munthu woyenda m'kanjira kaja angalipire ndalama imeneyo. Chidole cha maola asanu ndi limodzi kawirikawiri chimaposa zomwe anthu anakonzekera. Njira yabwino ndi kupanga chachikulu chimodzi kapena ziwiri zoimitsa anthu, zotsalazo zikhale tating'ono ta ola limodzi kapena kuchepera. Zamanja zikatha zatha, simungaluke zina usiku umodzi. Mayiko ena alinso ndi malamulo okhwima pa zoseweretsa ana, monga chizindikiro cha CE m'mayiko a European Union, ndipo pa ndolo lembani mtundu wa chitsulo chake chifukwa anthu ena khungu lawo limadana ndi nickel.

Ngati mumalemba nkhani zazithunzi, kabuku kakang'ono n'koyenera kukhalapo. Komanga ndi mastepulo pakati kamafuna masamba owerengeka anayianayi, monga 16, 20 kapena 24. Siyani kamodzi kotsekula koti anthu azivundukula.

Chomaliza ndi kujambula pa oda pomwepo. Sikufuna mpamba, pepala ndi zolembera basi, ndipo anthu amakonda kuonerera dzanja likugwira ntchito. Koma mutu ukakhala pansi simukuona makasitomala, ndiye muzichita zimenezi ngati muli ndi wokuthandizani. Ikani malire a maoda patsiku, landirani ndalama musanayambe, ndipo lembani nambala ya foni ya mwini oda.

Khalani pansi ndi kakyuleta

Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Tinene kuti tebulo mwalipira madola 150, ndipo ulendo, malo ogona ndi chakudya zadya madola 250. Musanagulitse kanthu muli kale ndi dzenje la madola 400. Chithunzi chomwe mumasindikiza ndi madola 3 n'kugulitsa madola 15 chimakusiyirani 12, ndiye pafunika zithunzi 34 kuti dzenjelo likwiririke. Sitika yopanga ndi dola imodzi n'kugulitsa madola 4 imakusiyirani 3, ndiye pafunika masitika 134. Ngati msonkhanowo ndi wa masiku awiri, maola 8 patsiku, ndiye kuti muzigulitsa zithunzi ziwiri ndi kanthu pa ola, kapena masitika oposa 8 pa ola lililonse osalekeza. Apa mukuona nokha kuti tebulo la tizinthu totchipa tokhatokha limakhala ndi chikhamu tsiku lonse, mwini wake n'kubwerera kunyumba m'thumba muli mbee.

Chitani masamu amenewa pa mtundu uliwonse womwe mwasankha, osaiwala ndalama yotumizira katundu, msonkho wapachipata ngati akuchokera kunja, timatumba tokutira, ndi kagawo komwe makina olipirira pa khadi amadula. Chinthu chomwe mtengo wake wogulitsira sukufika kuwirikiza kawiri kapena katatu ndalama yopangira chichotseni pamndandanda, chifukwa sizonse zomwe mwapanga zidzagulidwe, ndipo zogulidwazo ndizo zidzalipirire zotsala.

Mitengo ikhale yosavuta chenji, monga 5, 10 ndi 15. Musatsitse kwambiri kuposa anzanu poganiza kuti ndinu watsopano. Wogula akaona mtengo wotsikitsitsa amakayikira katunduyo, ndipo oyandikana nanu, omwe mawa adzakuyang'anireni tebulo mukapita kokadya, sadzakondwa.

Zingati pa chojambula chilichonse?

Ulendo woyamba ndi wofufuza. Kuli bwino kunyamula zojambula zosiyanasiyana, chilichonse makope ochepa, kusiyana ndi kuunjika makope 50 a chithunzi chimodzi chomwe inuyo mumachikonda. Pa msonkhano waung'ono kapena wapakatikati, makope 5 mpaka 10 a chithunzi chilichonse, ma charm 5 kapena 6 pa mtengambali, ndi masitika 15 kapena 20 pa chojambula, n'zokwanira poyambira. Osindikiza adzakunyengererani kuti mukaoda zambiri mtengo wa chimodzi umatsika, ndipo akunena zoona, koma kutsikako kumathandiza pokhapokha zonsezo zitagulidwa. Chinthu chikatha tsiku loyamba mwaphunzirapo kanthu, ndipo mukhoza kulemba mayina a ochifuna kuti mudzawatumizire.

Mukhoza kufunsa okutsatirani pa Instagram kuti asankhe pakati pa zojambula zingapo, koma mayankho awo muwatenge mosamala. Kudina kamtima n'kwaulere. Chithunzi chachisoni kapena chochititsa mantha chimatha kukondedwa ndi anthu masauzande pa foni popanda ndi mmodzi yemwe wofuna kuchipachika kuchipinda kwake. Chizindikiro chodalirika ndi munthu amene walipiriratu kuti mumusungire.

Werengani masiku chobwerera m'mbuyo

Tsiku la msonkhano ndilo limasankha zina mwa zomwe mungagulitse. Katundu wa kufakitale yakunja mpatseni miyezi iwiri kapena kuposa: kupanga, kutumiza, kuima pachipata, ndi mpata woti abwezeretse akalakwitsa. Mafakitale a ku China amatseka pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha kumeneko, chomwe chimagwa pakati pa kumapeto kwa Januwale ndi Febuluwale, komanso sabata yoyamba ya Okutobala, ndipo akatsekula amayamba ndi mulu wa maoda omwe anaunjikana. Ngati kwatsala milungu itatu, za ma charm ndi mapini iwalani, limbikirani zomwe mungasindikize pafupi.

Mafayilo akhale a 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa msinkhu weniweni wosindikizira, ndipo chithunzi chisefukire mamilimita 3 kunja kwa mzere wodulira kuti m'mphepete musatsale zoyera. Sikirini imaonetsa mitundu ya RGB, ya kuwala, pomwe makina ambiri osindikizira amagwiritsa ntchito inki ya CMYK. Mitundu yowala kwambiri, makamaka yobiriwira, ya buluu ndi yapepo, imatuluka yozilala, ndipo chithunzi chonse chimada kuposa mmene chinalili pa kompyuta. Sindikizani kope imodzi yoyesera musanalamule zonse. Chithunzi cha usiku chomwe chimadalira kuwala kwa sikirini mwina mungochisiya.

Yalani tebulolo kunyumba

Patatsala sabata, yezani pansi kapena patebulo lanu malo ofanana ndendende ndi omwe mwapatsidwa, muike malire ndi tepi, n'kuyala zonse monga mudzachitire tsikulo. Bwererani m'mbuyo masitepe anayi, jambulani ndi foni, kenako yang'anani chithunzicho masekondi atatu okha. Mwaona chiyani? Ngati diso lasowa pogwira, katundu wachuluka. Chotsani chomwe sichikugwirizana ndi zinzake, ngakhale chikhale chomwe munachivutikira. Tebulo looneka kuti lonse linatuluka m'dzanja limodzi limakumbukika, ndipo munthu amene anati "ndibweranso" amatha kulipeza m'holo ya matebulo mazana.

Zogulitsa kwambiri zikhale pamsinkhu wa maso, tating'ono tikhale pafupi ndi inu pomwe dzanja lachilendo silingatolemo mosaoneka, ndipo chilichonse chikhale ndi mtengo wolembedwa moonekera. Anthu ambiri a pamisonkhanoyi ndi amanyazi, ndipo kusiyana n'kufunsa mtengo amangochoka. Ikani manambala kapena zilembo pa zithunzi zopachika kuti wogula azingoti "ndipatseni B4", chifukwa m'holo mumakhala phokoso. Mukamaliza, longedzani zonse muyeze kulemera. Ngati mukukwera ndege, makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa sutikesi imodzi, ndipo mapepala ndi zitsulo zoimikira zimafika pamenepo msanga kuposa mmene mungaganizire.

Pa msonkhanopo, lembani

Konzeranitu pepala la mayina a katundu yense ndi chiwerengero chomwe mwabwera nacho, ndipo chilichonse chikagulidwa ikani kamzere nthawi yomweyo, osadikira madzulo. Kumbuyo kwa pepalalo lembani zinthu ziwiri zomwe ndalama siingakuuzeni. Choyamba, mayina omwe anthu akufunsa koma mulibe: dzina likatchulidwa ndi anthu asanu osadziwana, limenelo ndi loti mukaonere n'kulijambula. Chachiwiri, zomwe anthu amatola, kuziyang'ana, n'kuzibwezera. Chinthu chogwiridwagwiridwa koma chosagulidwa nthawi zambiri vuto lake ndi mtengo kapena msinkhu, ndipo chikhoza kuyenda mutachisandutsa sitika kapena kachithunzi kakang'ono. Chomwe palibe wochikhudza n'komwe, vuto ndi chojambulacho.

Chojambula musachiweruze ndi msonkhano umodzi. Malo omwe tebulo lanu linali, kaya pafupi ndi khomo kapena kuseri kwa chipilala, amasintha zambiri, ndipo anthu a mzinda wina amakonda zina. Chipatseni misonkhano iwiri kapena itatu. Chikakanikabe, musachisindikizenso. Makope otsalawo aikeni m'timaenvelopu totseka ta mwayi, tomwe munthu amagula motchipa osadziwa zomwe zili m'kati, kapena muziwaponya ngati basela kwa amene wagula zambiri, ndipo malo ake patebulo mupatse limodzi la mayina aja munalemba kumbuyo kwa pepala.